Akadzakonza Africa Unity Square, adzakhalepo ndani?

Mawu amene anayankhulidwa pamsonkhano wa bungwe la maliro ku Mabvuku, mumzinda wa Harare

Zikomo a Tcheyamani. Agogo athu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwaima pakhomopo, lowani, malo alipo kutsogolo kuno. Ndapemphedwa kuti ndiyankhuleko za bwalo la pakati pa tauni lija, Africa Unity Square, ndi mmene liyenera kukonzedwera kuti likhale malo okumanirapo anthu a mumzinda uno. Ndikuona kale nkhope zina zikufunsa. Ife a ku Mabvuku ndi ku Tafara, madzi pampopi anasiya kalekale kutuluka, misewu ndi maenje okhaokha, ndiye tizikhalira pansi nkhani ya paki ya m'tauni? Funso limenelo ndi loona. Mundilole ndifotokoze kaye, nkhani ya madziyo muipeza ilimo.

Mukatsika kombi pa Fourth Street, imene pano akuti Simon Muzenda, simuyenda mtunda wautali, mwafika. Kumpoto kwa bwaloli kwadutsa Nelson Mandela Avenue, ndipo tsidya lake kuli nyumba yakale ya malamulo ndi tchalitchi chachikulu cha Anglican, chimene chinayamba kumangidwa mu 1913. Kumwera kuli Jason Moyo Avenue ndi hotela ya Meikles, yotsegulidwa mu 1915. Kumadzulo kuli Sam Nujoma Street, imene ambiri timaitchulabe Second Street, ndi nyumba ya nyuzipepala ya Herald. Kum'mawa ndi Third Street. Boma, mpingo, ndalama ndi nyuzipepala, zonse zinazungulira kamalo kamodzi kameneka. Amene anajambula tauni ino ankadziwa chimene akuchita.

Pa 12 Seputembala 1890, gulu la azungu lotumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, linafika pano ndi ngolo zake. Iwo ankalinga ku Mount Hampden, koma anaima pafupi ndi kaphiri ka Kopje ndi mtsinje wa Mukuvisi chifukwa cha madzi. Dzikoli linali ndi eni ake, Ashona, ndi mafumu awo monga Neharawa, amene ambiri amati dzina la Harare linachokera kwa iye. M'mawa mwake, pa 13, azunguwo anakweza mbendera ya Britain pamalo pomwe pali bwalo lero, n'kutcha malowo Fort Salisbury. Bwalolo analitcha Cecil Square. Ambiri amaganiza kuti ankatamanda Rhodes, koma dzinali linali la Robert Cecil, Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain ya nthawi imeneyo. Chaka ndi chaka, mwezi wa Seputembala, ana ndi adzukulu a azungu aja ankasonkhana pomwepo kukweza mbendera pokumbukira kulanda dziko. Ngakhale tinjira ta m'bwalomo anatiyala motsanzira mizere ya mbendera ya Britain: wina wopingasa, wina woongoka, iwiri yochokera m'makona, yonse kukumana pakati. Munthu akakwera m'chipinda cham'mwamba cha nyumba zoyandikana nazo n'kuyang'ana pansi, mbenderayo amaiona mpaka lero.

Tsono makolo athu anali kuti nthawi imeneyo? Anali panjira. Ochokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Mulanje, ku Nkhotakota, kuyenda pansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, kulowera ku Mutoko. Ena pambuyo pake anabwera pa malole a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Kufikira cha m'ma 1950, antchito akuda ambiri mu Salisbury anali ochokera kunja: ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Ndiwo ankaphika m'makhitchini, kuchapa, kutchetcha kapinga, kuthirira maluwa, kusesa misewu, kuumba njerwa. Timakwalala tija ta kumbuyo kwa masitolo, timene lero timanunkha mikodzo, tinapangidwira anthu akuda ochotsa zidebe za chimbudzi usiku azungu ali m'tulo. Mabvuku ndi Tafara, kumene takhala panoku, anamangira makamaka antchito a m'nyumba za azungu a ku Highlands ndi ku Greendale. Koma munthu yemweyo wosesa tauniyo ankayenda ndi chitupa m'thumba, dzuwa likalowa azipezeka ali ku lokeshoni, ku Harari imene pano ndi Mbare, yokhazikitsidwa mu 1907. Inalipo nthawi imene lamulo linkaletsa munthu wakuda kuyenda m'mbali mwa msewu moyenda azungu, aziyenda mumsewu mwenimwenimo pamodzi ndi ngolo ndi njinga. Agogo amene muli muno munazimva zimenezi kwa makolo anu, ena munazionako kumapeto kwake. Bwalo limeneli manja a anthu athu analisamalira, koma mthunzi wake sanaukhale.

Ufulu unabwera mu 1980. Chiboliboli cha Rhodes chinachotsedwa mumsewu wa Jameson Avenue, umene pano ndi Samora Machel, chaka chomwecho. Mzinda unakhala Harare mu 1982. Pa 22 Disembala 1987 a Robert Mugabe ndi a Joshua Nkomo anasainirana mgwirizano wophatikiza zipani zawo, ZANU ndi ZAPU, ndipo pambuyo pake bwaloli linalandira dzina limene tikulidziwa lero.

Chifukwa chimene nkhaniyi yapsera tsopano n'chakuti aphungu anasamuka. Nyumba ya Malamulo yatsopano, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China, inaperekedwa ku boma mu 2023, ndipo ili ku Mount Hampden, komwe kuja azungu a 1890 ankafuna kukafika. Makampani ambiri nawo anachoka m'kati mwa tauni kupita ku Borrowdale, ku Newlands, ku Avondale, ku Eastlea. Anthu a ndalama amagula ku Sam Levy's Village, m'tauni safikamo kawirikawiri. Amene atsala pakati pa mzinda ndi ife: okwera makombi, ogulitsa malonda, ana asukulu, ofuna ntchito atanyamula makalata awo mu envulopu, odikira kuti ofesi itsegule, amayi ochokera kuchipatala cha Parirenyatwa amene miyendo yatopa. Malo aakulu chonchi, okhala pakati pa mzinda, sangakhale nthawi yaitali opanda wowaganizira. Adzakonzedwa ndithu. Ndipo pokonza malo ngati amenewa pali ngozi ziwiri zimene ndikufuna muzidziwe.

Yoyamba tonse tikuidziwa: kulekerera. Benchi yathyoka, palibe wokonza. Nyali yazima, yazimiratu. Kasupe wa pakati uja, amene ena a inu munajambulitsapo chithunzi muli ana, mwamuonapo kangapo ali wouma, m'kati mwake muli mapepala ndi mabotolo. Ngozi imeneyi imaoneka ndi maso, ndipo aliyense amaidandaula.

Yachiwiri ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa imabwera itavala bwino. Amabwera anthu ndi zithunzi zokongola za pakompyuta. Pazithunzipo pali miyala yosalala, nyali zamakono, kogulitsira khofi, anthu ovala masuti akuseka. Mukayang'anitsitsa simupezapo mayi wobereka mwana, simupezapo gogo wandodo, simupezapo wogulitsa nthochi. Kenako pamabwera mpanda, amati n'ngoteteza maluwa. Mpanda ukabwera pamafunika chipata, chipata chimafuna mlonda, mlonda amafuna malipiro, malipirowo ndiye amatulutsa tikiti yolowera. Palibe tsiku limene adzalengeze kuti osauka asalowe. Zimangochitika pang'onopang'ono, mpaka mwana wathu wa ku Tafara akafika pachipatapo amadziona yekha kuti pano si panga. Taonani chiboliboli cha Mbuya Nehanda chimene chinatsegulidwa pa 25 Meyi 2021 pamphambano ya Samora Machel ndi Julius Nyerere. Ndi mayi wolemekezeka, anapachikidwa mumzinda uno mu 1898 chifukwa chokana kulandidwa dziko. Koma kwa nthawi yaitali anthu wamba ankangochionera patali, polowera pali potseka. Chinthu chomangidwa m'dzina la anthu chikhoza kukhala chosafikirika kwa anthu omwewo.

Kwathu kumudzi bwalo limakhala pansi pa mtengo wa kachere kapena mkuyu. Palibe amene amalikongoletsa, koma milandu imaweruzidwa pomwepo, uthenga wa maliro umalengezedwa pomwepo, gule amavinidwa pomwepo, ndipo mkazi wamasiye wosauka akakhala ndi dandaulo amakhala pansi n'kuyankhula mfumu ikumva. Chimene chimalipanga kukhala bwalo n'chakuti aliyense wa m'mudzimo amadziwa kuti akhoza kufikapo osapempha. Muyeso umenewu ndi umene ndikufuna tiutenge popita kukaona mapulani a m'tauni.

Tiyeni tsono tinene zinthu zenizeni zimene zimachititsa kuti munthu akhale pamalo. Ndiyamba ndi chimbudzi, ndipo musachite manyazi, chifukwa pamisonkhano ya akuluakulu nkhani imeneyi amaidumpha. Bambo akhoza kuzemba n'kulowa kakwalala. Mayi woyembekezera apita kuti? Mtsikana amene ali kumwezi? Agogo odwala shuga, amene amafuna kutaya madzi pafupipafupi? Ndikudziwa amayi ambiri muno amene akamapita m'tauni sakumwa tiyi m'mawa, kuopa kuvutika. Munthu wotero sangakhale pabwalo kumvera msonkhano wa maola awiri. Choncho bwalo lopanda chimbudzi chaukhondo lasankha kale anthu ake, lasankha amuna athanzi ndi amene angathe kulowa mu lesitilanti kugula chakumwa kuti agwiritse ntchito chimbudzi chamomwemo. Chimbudzi chimene tikufuna chikhale ndi madzi akeake, thanki yake kapena mjigo wake, pokhala posamba m'manja ndi sopo, khomo lotakata lolowa njinga ya munthu wolumala, malo osinthira mwana thewera, ndi wantchito wolipidwa mwezi ndi mwezi wochisamalira. Ngati pali kulipira, ana, okalamba ndi olumala asalipire. Ndipo tisaiwale kumene tachokera. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno. Mu 2018 inabweranso ku Glen View ndi ku Budiriro, mu 2023 inabweranso. Bungwe lathu lino ndi la maliro, tikudziwa mtengo wa bokosi. Kusonkhanitsa anthu mazanamazana pamalo opanda madzi ndi chimbudzi n'kuitana matenda.

Apa ndiye pamene nkhani ya madzi ija yalowera. Madzi a mzinda uno amachokera ku Lake Chivero ndi ku Manyame, amayeretsedwa ku Morton Jaffray, ndipo sakwanira. Ife okhala kum'mawa kuno, kumtunda, kumapeto kwa mapaipi, ndife oyamba kuuma. Ndiye wina akadzati akufuna kasupe wamkulu wothovola madzi m'mwamba, tili ndi ufulu wofunsa kuti madziwo achokera kuti. Kasupe womangidwa bwino samwa madzi ambiri, pampu imazunguliza madzi omwewo, amangowonjezera amene auma ndi dzuwa. Pampuyo ikhoza kuyendera magetsi a dzuwa. Zimenezo n'zotheka, ndipo ine kasupe ndimamufuna, ana amasangalala naye, Okutobala kukatentha amaziziritsa malo. Koma pambali pake pakhale mpopi wa madzi akumwa aulere. Kasupe wothovola pamene munthu waludzu akugula madzi a m'botolo ndi chipongwe.

Mthunzi ulipo kale, ndipo tiuteteze. Mitengo ya jacaranda ija, imene imachita maluwa ofiirira kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, inachokera ku South America, si yakuno, koma yakula ndi mzindawu. Mtengo waukulu sugulidwa kusitolo. Akaudula lero kuti ayale simenti, ine ndi inu sitidzauonanso mthunzi wotero. Mitengo ina yakalamba, inde, ndipo pafunika kubzala ina pambali pake isanagwe. Pobzalapo aikepo yakuno, misasa ndi mikuyu, kuti adzukulu adzaione. Mabenchi akhale ambiri, okhala ndi potsamira msana, ndipo akhale pamthunzi. M'mizinda ina amapanga dala mabenchi opendekeka kapena odulidwa ndi zitsulo kuti munthu asakhalitse. Mukadzaona zotero pamapulani mudzadziwe cholinga chake. Nyali ziziyaka usiku wonse, makamaka m'makona, ndipo zitsamba zisakhale zazitali zobisa munthu, kuti mtsikana woweruka kuntchito mochedwa adutsepo mtima uli m'malo.

Za tinjira ta mbendera ya Britain tija anthu amatsutsana. Ena amati tifukulidwe tonse, ena amati ndi mbiri, isakhudzidwe. Maganizo anga ndi akuti kufukula konse kungawononge mizu ya mitengo, ndiponso kungatithandize kuiwala zimene sitiyenera kuiwala. Ndingakonde kuti pakati pakulitsidwe, pakhale malo otakata oimapo anthu ambiri, mizere ija isweke pamene anthu akufunika malo, koma pakhale zikwangwani zofotokoza zonse: amene analipo 1890 isanafike, amene anakweza mbendera, amene ankaletsedwa kukhalapo, ndi amene ankasesa. Zikwangwanizo zilembedwe m'Chishona, m'Chindebele, m'Chingerezi, ndi m'Chichewa chomwe. Kupempha zimenezi si kudzikuza. Gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limatchula zinenero 16 zovomerezeka m'Zimbabwe, ndipo Chichewa chili pamndandandawo.

Tsono amayi ndi abambo ogulitsa maluwa. Aliyense muno amene anaikapo m'bale wake ku Mabvuku, ku Granville kapena ku Warren Hills akudziwa kumene nkhata za maluwa zimagulidwa. Anthu amenewa akhala m'mbali mwa bwaloli, moyang'anana ndi Meikles, kwa zaka zambirimbiri. Ena analandira malowo kwa makolo awo. Ndiwo amafika mbandakucha, ndiwo amachoka mochedwa, ndiwo amadziwa mwana wosochera, amadziwanso wakuba wa m'matumba. Maso awo amateteza bwalo kuposa mlonda wolembedwa dzulo. Koma mu Meyi 2005, nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba ndi malo ogulitsira amene linkati n'ngosaloledwa, nawonso anathamangitsidwa, matebulo awo kuphwanyidwa. Lipoti la bungwe la United Nations, lolembedwa ndi mayi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera chakudya. Ambiri muno simukufunika lipoti, tizipinda tanu ta kuseri tinagwa mukuona. Mawu amene anagwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo anali oyeretsa mzinda. N'chifukwa chake ndikamva mawu akuti kukongoletsa ndimayamba ndafunsa kuti ogulitsa akhala pati. Pulani yabwino imawajambuliratu malo awo: denga, mpopi wothirira maluwa, posungira katundu usiku, potayira zinyalala, ndi msonkho wodziwika wokhala ndi lisiti. Ogulitsa zipatso ndi ojambula zithunzi chimodzimodzi. Sindikunena kuti bwalo lonse lisanduke msika ngati Mbare Musika, ayi, malire akhalepo, pakati pakhale poyera. Walira mvula walira matope: ukafuna anthu ambiri pabwalo, walandiranso njala yawo, ludzu lawo ndi zinyalala zawo, ndipo uyenera kuzikonzekera. Kuthamangitsana kwa apolisi a khonsolo ndi mavenda kumene timakuona tsiku ndi tsiku, tomato kumwazika mumsewu, kumachitika chifukwa malo sanagawidwe poyamba.

Umboni woti anthu amabwera akapatsidwa mpata uli pafupi. First Street anaitseka kwa magalimoto m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka lero mumapezamo alaliki, azisudzo, oimba, ndi anthu ongoima kucheza. Kuchokera ku First Street kukafika pabwalo ndi pafupi kudzera George Silundika Avenue, koma kuoloka Sam Nujoma ndi nkhondo. Pakhale powolokera pokwezeka, pokakamiza galimoto kuchepetsa liwiro, ndi potsetsereka m'malo mwa sitepe kuti njinga ya wolumala ikwere.

Ndifike pa nkhani imene ena angakonde kuti ndiidumphe. Bwalo la mzinda ndi malo a mawu. Mu Okutobala 2014 mtolankhani Itai Dzamara anayamba kukhala pabwalo limeneli ndi anzake ochepa, atapereka chikalata chopempha a Mugabe kuti atule pansi udindo. Anamenyedwa. Pa 9 Malichi 2015 anatengedwa ndi anthu osadziwika pometetsa ku Glen View, ndipo mpaka lero sanaonekenso. Pa 21 Novembala 2017 khamu la anthu linadzaza pabwalo lomwelo, kutsogolo kwa Nyumba ya Malamulo, ndipo madzulo ake kalata ya a Mugabe yotula pansi udindo inawerengedwa. Muno tili a zipani zosiyanasiyana ndipo sindinabwere kudzakokera munthu kulikonse. Chimene ndikunena n'chakuti anthu akakhala ndi chakukhosi, mapazi awo amawatengera pamenepo okha. Gawo 58 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu wosonkhana, gawo 59 ufulu wochita zionetsero mwamtendere ndi kupereka madandaulo. Lamulo la 2019 la Maintenance of Peace and Order limati okonza msonkhano wa pagulu adziwitse apolisi masiku angapo usanachitike. Zimenezo zili apo. Koma wojambula mapulani akhoza kutseka pakamwa pa anthu popanda lamulo lililonse: adzadzitse malo onse ndi timaluwa ndi timipanda, pasapezeke poima anthu 200 pamodzi. Choncho tipemphe malo otakata, nsanja yaing'ono yokhazikika, ndi polumikiza magetsi a zokuzira mawu. Pamenepo khansala akhoza kufotokoza bajeti poyera, anamwino akhoza kupereka katemera, makwaya a amayi akhoza kuimba, ana asukulu akhoza kuchita mtsutso, a beni akhoza kuguba.

(Agogo ena afunsa ngati gule wamkulu angaloledwe kuvina pamenepo.)

Zikomo agogo, mwafunsa bwino. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, pamene kuno ambiri amangomutchula zvigure, kuopsezera ana. Kumuona akuvina pakati pa mzinda mwaulemu kungachotse manyazi amene ana athu ena amakhala nawo pa mtundu wawo. Koma ine sindingayankhe m'malo mwa eni dambwe. Pali zilombo zotuluka pachisangalalo, pali zina za pamaliro ndi pachinamwali zimene si zoonetsa alendo ojambula ndi mafoni. Akuluakulu a mzinda wa gule ndiwo anganene chotuluka ndi chosatuluka, ndi kumene ovina angakonzekere mosaonedwa. Muno mulinso a mpingo ndi Asilamu amene gule sagwirizana naye, ndipo bwalo ndi lawonso. Chimene tingagwirizane tonse n'chakuti buku lolembetsera tsiku likhale loonekera, mtengo wake ukhale umodzi kwa aliyense, gulu la ku Tafara lisakanidwe pamene kampani ya mafoni yaloledwa kuimika tenti sabata yathunthu.

Ndalama zichokera kuti? Khonsolo ilibe zokwanira, tonse tikudziwa, ndipo mwachidziwikire idzafuna kugwirizana ndi makampani, makamaka oyandikana ndi bwalolo. Ine zimenezo sindikuzikana. Hotela kapena banki imapindula bwalo likakhala laukhondo, ndiye isonkhe. Koma safunsa anadya phula. Tifunse kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, kampaniyo ikupatsidwa mphamvu yanji, ingathe kutseka bwalo pochita phwando lake, ndipo kangati pachaka, alonda ake angathamangitse munthu pa chifukwa chanji. Tifunsenso funso limene limaiwalika tsiku lodula riboni: chaka chachitatu pampu ikafa, adzagula ina ndani? Kumanga kumakopa anthu chifukwa dzina limalembedwa pamwala. Kulipira wosesa chimbudzi mwezi uliwonse sikutchukitsa munthu, koma n'kumene bwalo limakhalira moyo kapena kufa. Ndalama yosamalira ilembedwe mu bajeti ya chaka ndi chaka, pamzere wakewake.

Malamulo amatipatsa pogwira. Lamulo la Urban Councils Act limati khonsolo ikafuna kugulitsa kapena kubwereketsa malo ake, iyenera kulengeza m'nyuzipepala ndi kupachika chidziwitso kuofesi kwake, ndipo anthu amapatsidwa masiku osachepera 21 kuti alembe zotsutsa. Pa mitengo ya ntchito za khonsolo, chidziwitso chimakhala masiku 30, ndipo anthu 30 akalemba kutsutsa, makhansala amayenera kuikambirananso nkhaniyo. Tayang'anani muno, tapitirira 30. Lamulo la Regional, Town and Country Planning Act limati mapulani a dera aikidwe poyera kuti anthu awaone ndi kuperekapo maganizo. Misonkhano ya makhansala onse ku Town House, pa Julius Nyerere Way, munthu wamba amaloledwa kukhala n'kumamvera. Gawo 62 la malamulo oyendetsera dziko limatipatsa ufulu wopempha kuona zikalata za boma. Vuto n'lakuti zidziwitsozi zimalembedwa tizilembo ting'onoting'ono kumasamba akumapeto, masiku amatha tisanamve. Mabungwe ngati Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust amatsatira zimenezi, ndipo n'kwabwino kuyenda nawo.

Ndikudziwa chimene chimatigwira miyendo. Tinakula tikutchedwa mabhurandaya, mabwidi, anthu opanda mitupo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ambiri obadwira kuno, amene ku Malawi sanapondeko n'komwe, anapezeka ali ndi chilembo cha A pachitupa, kutanthauza mlendo, osaloledwa kuvota. Munthu wochitidwa zotero amaphunzira kukhala chete, amati ndikayankhula andiuza kuti bwerera kwanu. Koma gawo 43 la malamulo a 2013 linanena momveka kuti wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye mwini ankakhala kuno pamene malamulowo ankalengezedwa, ndi nzika mwa kubadwa. Amene simunasinthitse chitupa, chonde kasinthitseni, tili ndi achinyamata muno amene angakuperekezeni. Ndipo ngakhale chitupa chisanasinthidwe, bilu ya khonsolo imafika pakhomo panu mwezi uliwonse. Wochita lendi nayenso amalipira kudzera mwa mwini nyumba. Ndalama yokonzera bwalolo mbali ina ndi yanu.

A Tcheyamani, ndikupempha zinthu izi zilowe m'buku la msonkhano. Tisankhe achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, oti aziwerenga zidziwitso za khonsolo m'nyuzipepala ndi pa intaneti sabata iliyonse, akaona dzina la bwaloli kapena la malo ena aliwonse a kuno kwathu aziponya pa gulu lathu la WhatsApp tsiku lomwelo. Amayi atatu kapena anayi apite akacheze ndi ogulitsa maluwa, akamve kwa eni ake zimene akufuna, chifukwa ine ndawayankhulira pano popanda kunditumiza. Tikatero tilembe kalata imodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yokhala ndi nkhani ya chimbudzi, mpopi, mitengo, ogulitsa, malo oimapo anthu ndi kukana chipata cholipiritsa, tisaine tonse, ndipo tiitane khansala wathu kuti adzailandire pamsonkhano wa mwezi wamawa, adzatiuzenso tsiku limene adzabwere ndi yankho. Amene mukufuna kulowa m'magulu awiriwa mukalembetse kwa alembi tisanayambe zopereka. Zikomo.